Susan adatsala yekha ndi maliro

Sabata yatha ndinamaliza kuwerenga The Last Battle, buku lachisanu ndi chiwiri komanso lomaliza pa mabuku a Narnia amene adalemba C.S. Lewis. Ndinalimaliza cha m'ma 2 koloko usiku ku hositelo, ndikuunikira ndi tochi ya pafoni, anzanga a m'chipinda akuliza mkonono. Nditalitseka ndinaliponya pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato, ndipo mpaka lero lidakali komweko. Ngati simunaliwerenge ndipo simukufuna kuti wina akuululireni mathero ake, lekerani pompano, chifukwa ine ndiulula zonse.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Munthu wa chaka chachitatu pa yunivesite, wandevu zake, amene akuyenera kumalimbana ndi Achebe, Ngugi ndi Mapanje, akudandaula za buku la ana lotuluka mu 1956, lokamba za mkango wolankhula. Sekani ndithu. Koma bukuli ndalidikira zaka 10, ndipo munthu amene adandiyambitsa nkhaniyi sanalionepo ndi maso ake. Ndiye ndipirireni pang'ono ndifotokoze.

Kwathu ndi ku Kasungu, cha ku Santhe, kumene ukaima pachulu mu Januwale umaona fodya mpaka pamene maso alekezera. Bambo ankalima fodya wa burley pa kamunda kathu, ndipo chaka chathu chinkayendera fodyayo: nazale mu Seputembala, kuokera mvula ikagwa, kuthyola kuyambira mu Januwale, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, kenako kudikira uthenga wa ku okushoni ku Chinkhoma. Mu 2015, ine ndili Sitandade 6, sukulu ya sekondale yoyendera imene ankaphunzira achemwali anga idalandira makatoni a mabuku ochokera kunja. Anthu akamva za laibulale ya ku Kasungu amakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene adabwereka buku la sayansi n'kupanga makina oyendera mphepo. Ife tidabwereka mkango, ndipo sitidapange magetsi alionse.

M'katoni imodzi mudali mabuku asanu ndi limodzi a Narnia. Kuseri kwa chikuto cha lililonse adalemba mayina a mabuku asanu ndi awiri, ndiye tidadziwa kuti limodzi likusowa, ndipo losowalo lidali lomaliza. Achemwali, amene panthawiyo adali Fomu 2, ankabwereka limodzilimodzi. Chingerezi changa chidali chisanakhwime, choncho iwo ankawerenga usiku ndi tochi, mawa lake n'kundifotokozera m'Chichewa tili pansi pa chigafa tikusoka fodya. Ankayamba ngati nthano za agogo: "Padangokhala." Ine: "Tili tonse." Bambo akamadutsa ankanamizira kuti sakumva, koma ankachedwa dala pamenepo akukonza mikangala yosafunika kukonza.

Kumasulira kwa achemwali kudali kwawokwawo. Tianthu tatifupi tandevu tokumba migodi adatitcha akafula. Chipale chofewa cha m'buku loyamba adati ndi matalala osasungunuka. Edmund adali mnyamata amene adagulitsa abale ake chifukwa cha maswiti, ndipo nthawi iliyonse ndikabisa chigumu ankanditchula dzina limenelo. Wadilopu kwathu tidalibe, zovala tinkapachika pachingwe, ndiye atafika pamene Lucy akupyola m'majasi opachika mpaka kutulukira m'nkhalango, adaloza fodya wolendewera m'chigafa nati, "Ngati mmene ungapyolere umu." Madzulo ake ndidapyoladi, kuchokera mbali imodzi mpaka ina, masamba akundimata kumaso. Ndidatulukira ku khola la mbuzi.

Pa ana anayi a m'nkhaniyo, Peter, Susan, Edmund ndi Lucy, achemwali adadzisankhira Susan. Ankati ndiye wanzeru, amene amakumbukira kuti kunja kukuzizira, tengani majasi, nanga tikadya chiyani. Ine ndinkati ndi wamantha. Tinkakangana mpaka amayi kutikalipira kuti masamba tikuwasoka mosakaniza.

Mu Febuluwale 2016 bambo adamwalira atadwala sabata ziwiri zokha. Chidali chaka cha njala, chomwe boma lidalengeza mu Epulo kuti dziko lili pangozi chifukwa mvula idavuta. Fodya adali m'munda, theka lothyola, ndipo ngongole ya feteleza idali ikudikira pa okushoni. Amayi adafooka kwa miyezi. Achemwali, ali ndi zaka 17, ndi amene adachezera m'nyumba ya siwa pambali pa amayi, ndi amene ankayankha mafunso a amalume, ndi amene adadzuka m'mawa wotsatira tsiku lometa n'kupita kumunda, chifukwa fodya sadikira kuti mumalize kulira. Kusukulu sadabwererenso. Buku lomwe adali atabwereka, The Magician's Nephew, ndidakabweza ndine.

Tsiku lina tili m'chigafa ndidawapempha kuti andifotokozerenso za sitima ya mutu wa chinjoka. Sadadzutse nkomwe mutu. "Zimenezo n'zachibwana," adatero. "Soka fodya." Ndidapsa mtima ndipo mtimawo ndidausunga zaka zambiri. Chaka chotsatira adapita pa boma pa Kasungu, adayamba ndi kugulitsa kaunjika, kenako adaphunzira kuluka tsitsi. Akabwera kumudzi pa Khirisimasi ankabwera atavala wigi, milomo ili psuu, zikhadabo zopaka. Azimayi a pamjigo adali ndi mawu awo onena za iwo, ndipo ine sindidawaikire kumbuyo ngakhale kamodzi. Fizi yanga ya kusekondale inkachokera m'manja a zikhadabo zopakawo, koma mumtima ndinkati achemwali asintha, atayika, aiwala.

Buku lachisanu ndi chiwiri ndinalipeza mwezi watha pa mulu wa mabuku akale amene bambo wina amayala pansi pafupi ndi depoti ku Lilongwe, pakati pa buku la masamu a Fomu 3 ndi magazini a mafashoni. Sindinanenerere mtengo. Ndikanatha kulipeza pa intaneti kalekale, ndikudziwa, ndipo anzanga akhala akundiuza zimenezo. Koma ndinkafuna la pepala, lofanana ndi aja, ndipo mwina ndinkaopanso kumaliza. Pa nthawi yonseyi ndinkathawa dala chilichonse chokamba za mathero ake.

Ndinene chilungamo: theka loyamba la bukuli ndi labwino kuposa mabuku ena onse asanu ndi limodzi aja. Nyani wochenjera dzina lake Shift atola chikopa cha mkango, n'kumuveka bulu wofatsa dzina lake Puzzle, n'kumamuonetsa usiku wokhawokha, pa kuwala kwa moto, kuti uyu ndiye Aslan wabwera. Nyama zonse zikhulupirira. M'dzina la Aslan wabodzayo nyani alamula kuti mitengo ya m'nkhalango yopatulika idulidwe, igulitsidwe kwa amalonda a dziko la Calormen. Mzimu wa mtengo umodzi uthamangira kwa mfumu Tirian kukapempha thandizo, ndipo uli pakati polankhula ugwa n'kufa, chifukwa kutali uko nkhwangwa yamaliza mtengo wake. Kenako nyani auza nyamazo kuti zipita kukagwira ntchito ku Calormen, ena ku migodi, ndipo kuti si ukapolo ayi, popeza malipiro alipo, kungoti adzaikidwa m'thumba la chuma cha Aslan, amene adzawagwiritsa ntchito pa zokomera onse.

Ndikuwerenga pamenepo ndinadzuka n'kukhala tsonga. Mzungu wa ku Belfast, wophunzitsa ku Oxford ndi ku Cambridge, amene sadapondepo ku Santhe, adalemba za kwathu. Agogo anga aamuna adapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adafalikira m'chigwa cha Kasungu, ndipo mitengo ya mitondo, misuku ndi miwanga idathera m'mabalani owambira fodya ndi m'mapaso a zigafa. Lero amayi amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, ndipo nthawi zambiri amaphikira zitsononkho ndi mapesi. Ndidakula ndikuona matenanti ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe akulandira chimanga pa ngongole chaka chonse, fodya akagulitsidwa n'kuuzidwa kuti mwatsala ndi kangachepe kapena mulibe kanthu. Dongosolo limenelo Nyumba ya Malamulo idaliletsa mu 2021, koma anthu amene lidawadya adakalipo. Nyani uja ndimamudziwa. Ndamuonapo atakwera njinga yamoto.

Ngakhale akafula a m'bukuli ndinawamvetsa. Tirian atawapulumutsa n'kuwaonetsa kuti mkango uja adali bulu, iwo akana kukhulupiriranso wina aliyense, kaya Aslan weniweni kaya mfumu. Akuti tanamizidwa kamodzi, basi, tsopano tiziona zathu. Mlimi amene wamva malonjezo a mitengo yabwino chaka ndi chaka, n'kumaona mabelo ake akubwezedwa pa okushoni, amalankhula chimodzimodzi. Bambo ankakonda mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndinkayembekeza kuti wolemba achita nawo chifundo anthu oterewa, awapezera njira yobwererera.

Ndiye ndinali ndi mafunso amene ndinkadikira kuti theka lachiwiri liyankhe. Dziko limene ladulidwa mitengo limachira bwanji? Nyama zimene zanamizidwa m'dzina la mulungu wawo zidzakhulupiriranso bwanji? Amene adatumizidwa ku migodi abwerako liti, ndipo apeza chiyani? M'mabuku am'mbuyo Lewis ankadziwa kuyankha mafunso otere. Mu Prince Caspian mitengo imene idagona zaka mazanamazana idzuka n'kuyenda. M'buku loyamba amene adasandutsidwa miyala apumiridwa mpweya n'kukhalanso amoyo, ndipo ana aja alamulira zaka zambiri akukonza dziko.

M'buku lomalizali yankho ndi lakuti dziko lithe. Tirian ndi anzake agonja pankhondo, aponyedwa m'khola, ndipo m'kati mwa kholalo apeza dziko lina lokongola. Aslan weniweni afika, aima pakhomo, chimphona chiliza lipenga, nyenyezi zigwa, zilombo zidya zomera zonse zotsala, nyanja ikwera, dzuwa lizimitsidwa, ndipo Peter atseka chitseko n'kukhoma ndi kiyi. Kenako tiuzidwa kuti tisadandaule, chifukwa Narnia amene wathayo adali chithunzithunzi chabe, weniweni ndi uno wa m'katimu, ndipo muno mitengo yonse ilipo. Akafula aja atsala atakhala pansi pa udzu wobiriwira, dzuwa likuwawalira, iwo akuumirira kuti ali mumdima, ndipo Aslan anena kuti palibe chimene angawachitire.

Ndinamva ngati munthu amene wakatula dandaulo la malire a munda kwa a nyakwawa, iwo n'kuyankha kuti musavutike, tonse tidzafa. N'zoona tidzafa. Koma mvula ikubwera mu Novembala ndipo ndiyenera kudziwa polima.

Zimenezi ndikanazipirira. Chimene chinandiponyetsa buku pansi pa bedi chili m'mutu 12, ndipo sichikwana tsamba limodzi. Tirian ali m'dziko latsopanolo aona mafumu ndi mafumukazi akale a Narnia, awerenga, n'kufunsa kuti kodi simudali anayi, nanga mlongo wanu wina ali kuti? Peter ayankha mwachidule kuti Susan salinso bwenzi la Narnia. Eustace aonjezera kuti ukamukumbutsa amati adali masewera a paubwana. Jill ati masiku ano amangosamala za masokosi a nayiloni, zopaka pamilomo ndi makadi oitanira ku maphwando. Gogo Polly athira ndemanga yake yomudzudzula. Kenako Peter ati tisiye zimenezo, taonani zipatso izi, tiyeni tilawe. Adya zipatso. Dzina la Susan silitchulidwanso mpaka buku kutha.

Pa tsamba lomaliza Aslan awaululira kuti kwawo ku England kudachitika ngozi ya sitima ya pamtunda, ndipo onse adafa. Peter, Edmund, Lucy, msuweni wawo Eustace, mnzake Jill, agogo awiri aja Digory ndi Polly, ndiponso bambo ndi mayi a anawo, amene adakwera sitima yomweyo. Anthu 9. Bukuli limaiona nkhaniyi ngati uthenga wachimwemwe, ndipo kwa amene ali m'katimo ndi wachimwemwedi. Koma ine ndidakulira kumene uthenga wa maliro umafika pa munthu, pakhomo, m'mawa. Ndinayamba kuwerengera pa zala kuti watsala ndani. Watsala Susan. Malinga ndi ndandanda ya zaka imene Lewis mwini adalemba, Susan adabadwa mu 1928 ndipo ngoziyo idachitika mu 1949. Adali ndi zaka 21, msinkhu wanga lero.

Ndani adamuuza? Adapita ndi ndani kukazindikira mitembo? Owerenga oyamba a bukuli ankadziwa bwino tanthauzo la ngozi ya sitima, chifukwa pa 8 Okutobala 1952 sitima zitatu zidaombana pa Harrow and Wealdstone ku London, anthu 112 n'kufa. Wina amayenera kusaina mapepala, kugula mabokosi, kulandira alendo, kusankha zovala za Lucy zoti agawe. Kwathu maliro amodzi okha amafuna mudzi wonse: adzukulu kumanda, amayi kumadzi ndi kumaphikiro, amuna panja pamoto usiku wonse. Mtsikana ameneyu wapatsidwa maliro a banja lake lonse tsiku limodzi, ndipo abale ake, atamva kuti amwalira, palibe ndi mmodzi yemwe amene akufunsa kuti nanga mlongo wathu akhala bwanji. Lucy, amene adalira misozi poona Narnia akuzimitsidwa, sakumulirira.

Tisaiwalenso kuti Susan ameneyu ndi ndani. M'buku loyamba la 1950, usiku umene Aslan adapita kukaphedwa pa gome la mwala, anyamata aja adali mtulo. Amene adamuperekeza mumdima adali Susan ndi Lucy. Adaona akumetedwa, akumangidwa, akubayidwa, ndipo adani atachoka iwo adakhala ndi mtembo mpaka mbandakucha, akuupukuta magazi. Achemwali pofotokoza gawo limeneli adati, "Adachezera maliro," ndipo ndidamva msanga, chifukwa ndi ntchito imene amayi a kwathu amagwira. Lipenga limene lidaitana thandizo mu Prince Caspian lidali lake. Ndipo kumapeto kwa buku lomwelo Aslan mwini ndi amene adamuuza kuti sadzabweranso ku Narnia chifukwa wakula. Adamutsekera khomo, iye adapita kukakhala moyo umene adamusiyira, ndiye pomaliza akumuimba mlandu woti wakula moipa.

Ndinakamba zimenezi ndi mnzanga wa m'kalasi amene sajomba ku mapemphero, ndipo adandiyankha bwino, moti ndiyenera kulemba mbali yake. Akuti ndikuliwerenga bukuli ngati nkhani ya chitukuko pamene ilo ndi fanizo la chikhulupiriro. Kwa Mkhristu ngati Lewis, imfa si mathero oipa, ndipo dziko lino lidzathadi. Akutinso mlandu wa Susan si zopaka pamilomo, koma kukana chinthu chimene adachiona ndi maso ake, n'kumati adali masewera. Ndiponso Susan sadaponyedwe kumoto, wangotsala ndi moyo, nthawi akadali nayo. Pamenepa akunena zoona. Lewis mwini, poyankha kalata ya mwana wina mu 1957, adalemba kuti mabukuwo sanena chimene chidamuchitikira Susan, ndi kuti mwina adzafika kwa Aslan m'njira yakeyake. M'kalata ina ya 1960 adavomera kuti nkhani ya Susan ikanakhala yaitali, yofanana ndi buku la akuluakulu, limene iye sankafuna kulemba.

Yankho lachiwirilo ndi limene likundipweteka kwambiri, chifukwa likuonetsa kuti ankadziwa. Ankadziwa kuti nkhani yovuta, yofuna mtima, ili ndi wotsalayo, ndipo adasankha kutsatira akufa kumene kuli zipatso. Komanso si munthu amene sankadziwa za kuferedwa. Mayi ake adamwalira ndi khansa mu 1908 iye ali ndi zaka 9, ndipo patangopita sabata zochepa adamutumiza ku sukulu yogonera ku England. Mu The Magician's Nephew, buku lija ndidakabweza ku laibulale, Digory apempha Aslan kuti achiritse mayi ake odwala, ndipo ataweramuka aona misozi m'maso mwa mkangowo. Munthu amene adalemba tsamba limenelo m'buku lotuluka mu 1955 akanatha kupereka mizere iwiri yokha kwa Susan m'buku lotuluka mu 1956. Sindikupempha kuti amulowetse m'munda wa zipatso. Ndikupempha kuti wina atembenuke ayang'ane kumbuyo.

Za chikhulupiriro sindikutsutsana ndi mnzangayo. Pa maliro a bambo tidaimba nyimbo za kwathu kumwamba ndipo zidatitonthoza. Koma mpingo womwewo umene udaimba udabweranso ndi ufa, nkhuni ndi chipepeso, ndipo amayi a chigwirizano adabwera sabata yotsatira kudzathandiza kuthyola fodya. Chikhulupiriro chimene ndidakulira chimadziwa kuti pambuyo pa nyimbo pamatsala anthu ofunika kudya. Buku ili lidaimba nyimbo, lidanyamula mipando, n'kumapita.

Nditafufuza pambuyo pake ndinapeza kuti sindine woyamba kukhumudwa. Philip Pullman adadzudzula mathero amenewa poyera, ndipo Neil Gaiman adalemba nkhani yaifupi mu 2004 yotchedwa The Problem of Susan. Ambiri mwa odzudzulawo amaloza pa nkhani ya akazi, kuti mtsikana akulangidwa chifukwa wayamba kudzisamala ngati mkazi. Ena amaloza mmene anthu a ku Calormen, akhungu lakuda ndi nduwira kumutu, amaonetsedwera ngati ankhanza opembedza chilombo, kupatula mnyamata mmodzi, Emeth, amene alandiridwa ndi Aslan. Zonsezo n'zoona ndipo tsiku lina m'kalasi tidzazikamba ndi mawu akuluakulu. Koma chimene chinandilepheretsa kugona usiku uja n'chakuti pamene Jill ankanena za zopaka pamilomo, ndinamva mawu a azimayi a pamjigo, ndipo pamene Peter ankati tisiye zimenezo tidye zipatso, ndinamva mawu anga.

Ine ndine amene ndidaloledwa kukhalabe ku Narnia. Ndidapitiriza sukulu, ndidawerenga mabuku ena, lero ndikuphunzira zolembalemba ndipo ndikhoza kukhala usiku wonse ndikukangana za mkango. Zonsezi zidatheka chifukwa munthu wina adati n'zachibwana, n'kutenga khasu, kenako belo la kaunjika, kenako chipeso. Sindikudziwa ngati tsiku lija m'chigafa ankatanthauzadi zimene adanena. Mwina munthu amene waika bambo ake m'manda mwezi wapitawo sangathe kufotokoza nkhani imene akufa amauka m'mawa mbewa zitadula zingwe. Mwina kunena kuti adali masewera kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kuvomera kuti zidalikodi ndipo khomo latsekeka. Lewis sadamufunse Susan funso limeneli. Adalola anthu anayi amunene iye palibe, mlandu n'kutha. Ngakhale pabwalo la a nyakwawa sagamula choncho.

Tikamati "tili tonse" poyankha nthano, timakhala tikupangana ndi wofotokozayo kuti sitigona, sitichoka, tifika naye kumathero. Ine ndidasunga mbali yanga zaka 10. Ndinkayembekeza kuti nayenso wolemba afika kumathero ndi onse amene adanyamuka nawo.

Lamlungu ndinawaimbira foni achemwali. Anali pa saluni, ndikumva wailesi ndi makasitomala akuseka.

"Achemwali, ndalipeza buku lija."

"Buku liti?"

"La Narnia. Lomaliza."

Anakhala chete pang'ono, kenako ndinamva akuuza wina kuti tagwirani kaye apa. Phokoso linachepa, ndiye kuti anatuluka panja.

"Ndiye zidatha bwanji? Khoswe wa lupanga uja adafika kumene ankapita?"

Reepicheep. Ine ndinali nditaiwala kuti ankamutcha khoswe dala kuti andikwiyitse, ine n'kumalimbikira kuti ndi mbewa. Ndinawauza kuti adafika, ndipo ndi amene akulandira alendo pachipata. Anafunsa za Tumnus, za hatchi yodzitama ija, za chidzete cha m'madambo chimene chidaponda moto ndi phazi. Ankakumbukira aliyense, ena amene ine ndidawaiwala. Ndinafotokoza za nyani, za mitengo, za malipiro osungidwa ndi ena, iwo n'kuseka kuti, "Ameneyo ndi kapitawo weniweni." Ndinafotokoza za khola ndi za ngozi ya sitima. Ndinkazungulira dala.

"Nanga wanga uja?"

Ndinawauza zonse, osachotsapo ngakhale za milomo.

Sanayankhe msanga. Kenako anati, "Aa, ndiye kuti onse akanakwera sitimayo, mitembo akanakatenga ndani?" Anaseka pang'ono. Ndinafuna kunena chinachake chokhudza tsiku lija m'chigafa ndi zaka zonse zimene ndidakhala chete pamjigo, koma mawu anakana, ndinangoti, "Achemwali, pepani." Anandifunsa kuti pepani wa chiyani. Ndinati basi, pepani.

"Iwe, mayunitsi akuthera," anatero. "Ubwere nalo pa holide bukulo, ndidzaliwerenge ndekha, mwina ukunama. Ndipo za fizi usadandaule, theka nditumiza Lachisanu, kwinako mwezi ukatha."

Ndiye madzulo ano ndilitulutsa pansi pa bedi, ndilipukute fumbi, ndiliike m'chikwama.